Za Thoko ndi maulendo a ku Queens

Mphatso: Mwaswera bwanji nonse. Tangochoka ku Queens. Zija anakoka ndi singano pakhosi pa Thoko zatuluka, ndi khansa ya chithokomiro, mtundu umene amati papillary. Mimba ili ndi masabata 15.

Azakhali Nabanda: Mayo ine! Ndiye akudikira chiyani? Achotse chotupacho mawa lomwe.

Mphatso: Adokotala akuti mtundu umenewu umakula pang'onopang'ono, ndipo mwana ali bwinobwino. Akufuna abereke kaye. Pakadali pano azimuunika pakhosi ndi sikani. Akaona kuti chikukula, opaleshoni apanga mimba isanapitirire masabata 24.

Malume: Tamva. Apa nkhani ndi thiransipoti yochokera ku Balaka, anthu awiri, komanso kuyezetsa magazi mwezi ndi mwezi. Khomo lililonse K30,000. Pa Airtel Money yanga.

Chisomo ku Joni: Yanga ifika Lachisanu pa Mukuru. Koma ulendo uno malume tizilemba, zisakhale ngati za malata zija.

Malume: Za malata si za pano, mwana wa mlongo wanga.

Azakhali Nabanda: Ine ndati achotse. Chinthu chili pakhosi mukuchisunga ngati mbewu?

Bambo a Tadala: Azakhali, inenso ndinawafunsa choncho adokotala, kawiri konse. Mkazi wanga usiku sagona, dzanja limangokhala pakhosi. Kanthuko n'kakang'ono ngati nzama, akameza malovu kamakwera n'kutsika. Koma anatifotokozera kuti kudikira miyezi imeneyi sikuchepetsa mwayi wochira. Ine ndawakhulupirira.

Chisomo ku Joni: Alamu limbani mtima. Kuno mayi wina wa kutchalitchi kwathu atamuchotsa chithokomiro anamumwetsa mankhwala a ayodini aja opha zotsalira. Sangampatse amenewo?

Mphatso: Ayi achemwali, woyembekezera samwa amenewo, amawononga chithokomiro cha mwana m'mimba. Ngakhale woyamwitsa saloledwa. Akadzafunika, Thoko adzasiyitsa mwana bere masabata osachepera 6 asanamwe, ndipo mwana ameneyo sabwereranso kubere.

Mayi a Yankho: Ndiye mkaka wa m'chitini? Mitengo yake mwaiona m'mashopumu? Ife kuno ngakhale thumba la feteleza latikanika chaka chino.

Achimwene Dalitso: Kumeneko likupita pa zingati? Kuno ku Ntcheu mavenda akungotchula momwe afunira.

Mayi a Yankho: Musanene. Ndangothira manyowa a mbuzi.

Malume: Dalitso, za feteleza wayankha msanga. Za K30,000 uli zii.

Achimwene Dalitso: Ndikudikira malipiro malume, pa 27.

Malume: Apereka mpaka pano: ine, Mphatso, bambo a Tadala. A ku Area 25 ndikuona kuti mukuwerenga. Yamikani foni yake sikupezeka chiyambire Lamlungu.

Mayi a Yankho: Ena timapereka nthawi zonse, koma athu akadwala gulu limakhala chete.

Azakhali Nabanda: Mukukangana za ndalama chotupa chikadali pakhosi. Achotse!

Thoko: Ndikuwerenga zonse. Azakhali, ndikudziwa kuti mukundidera nkhawa, inenso mantha ndili nawo. Koma sindikungokhala. Andipatsa mapiritsi a chithokomiro otchedwa levothyroxine, ndimamwa m'mamawa ndisanadye chilichonse, phala ndimadikira kaye. Aja owonjezera magazi a kusikelo ndimamwa masana, akuti pazidutsa maola 4 chifukwa akakumana m'mimba enawo sagwira bwino ntchito. Chimene ndikupempha ndi munthu wondiperekeza pa 12. Bambo a Tadala sangapemphenso tchuthi kuntchito.

Azakhali Nabanda: Ndikuperekeza ine mwanawe. Ndikawafunsenso ndekha adokotalawo.

Mphatso: Mudzagone kwathu ku Chilomoni pa 11, kuti tikafole mzere m'mawa. Thoko usaiwale buku la kusikelo ndi pepala la sikani lija.

Malume: Thiransipoti ya pa 12 yakwana. Ya mwezi wamawa ikuperewera K45,000. Dalitso, pa 27 ndikuimbira.