Matope andithyolera njinga pa cyclocross, kodi ndigule yachiwiri?

Mpalasi wa ku Bradford:

Abale, ndakulonjerani nonse. Funso langa likupita kwa amene munalawako mpikisano wa njinga uja amati cyclocross, kaya kuno ku Britain kaya kutsidya ku Belgium.

Ndinayamba mu Seputembala, atandikopa mnzanga wa kuntchito amene ankandiona ndikufika pa njinga tsiku lililonse. Kwa amene simunauonepo: amatchinga kanjira ndi maliboni m'paki kapena m'busa la ziweto, kotalika makilomita awiri ndi theka kapena atatu, ndiye mumazungulira pomwepo. Ife opitirira zaka 40 timapalasa mphindi 40, anyamata amafika ola. M'njiramo muli kapinga, zitunda, mizu ya mitengo, ndi matabwa oimika oti utsike n'kuwadumpha njinga ili m'manja.

Mipikisano inayi yoyamba pansi panali pouma, ndipo ndinkamaliza bwinobwino chapakati pa gulu. Lamlungu lapitali ndi pamene ndinaona zina. Mvula inali itagwa sabata yonse, kuzizira kwake madigiri 3, ndipo ana anali atapikisana kale m'mawa. Pofika nthawi yathu kanjira kaja kanali ngati khola la ng'ombe mu Febuluwale. Matope ake omata, osakanikirana ndi udzu ndi masamba oyoyoka. Ulendo woyamba ndinazungulira bwino. Wachiwiri njinga inayamba kulemera, tayala lakumbuyo likukhula felemu, tcheni chikudumphadumpha. Ulendo wachitatu, titafika pa kachitunda kena, anzanga awiri amene anali patsogolo panga anatsika n'kuyamba kuthamanga. Ine mumtima ndinati mpata wowapitirira ndi umenewu. Ndinaika giya yopepuka kwambiri, kuimirira pa mapedulo, kuponda ndi mphamvu zonse. Ndinangomva kuti thyo! Tayala linaima nji. Poyang'ana, chosinthira magiya chakumbuyo chalowa m'masipoko, kachitsulo kokolekapo kaja amati hanger kathyoka pakati, masipoko awiri apindika.

Mwana wanga wa zaka 9 anali pa liboni atandigwirira jekete. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti anapirira mphepo yonse ija kuti andione ndikumaliza. Zala zanga zinali zitachita dzanzi moti lamba wa chipewa anandimasula ndi iyeyo.

Njinga ndili nayo imodzi, ya aluminiyamu, mabuleki a disc, matayala a mamilimita 33 okhala ndi machubu, ndipo ndimapopa 40 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala). Ndimalemera makilogalamu 76. Ena ndimawaona ali ndi njinga ziwiri ndi munthu wowatsukira. Kodi wa njinga imodzi alibe chake m'matope? Ndalama yogulira ina ndi yambiri, ndipo kumudzi akudikira ya feteleza. Mpikisano wotsatira watsala masabata awiri.

Wa ku Gent:

Achimwene, pepani ndi njingayo. Ine bondo linandiletsa kupikisana, koma ndinapalasako nyengo zisanu kuno ku Belgium, kumene masewerawa amawatcha veldrijden. Nyengo yozizira kuno timaiwerengera pa iwowa: pa 1 Novembala anthu amakhamukira ku Koppenberg pafupi ndi Oudenaarde, kenako ku Namur, pa 1 Januwale ku Baal kwawo kwa katswiri wakale wa masewerawa Sven Nys. Malo onsewa ndaimapo m'mbali mwa liboni nditavala majombo, ndiye ndikuuzani zimene maso anga aona.

Anzanu awiri amene anatsika aja ndiwo anadziwa. Inu munatenga kutsika ngati kugonja, pamene pa cyclocross kuthamanga ndi njinga paphewa ndi gawo la mpikisano, mofanana ndi kupalasa. Mu Disembala 2020 ku Dendermonde kunali matope osaneneka, ndipo katswiri Wout van Aert anamusiya katswiri mnzake Mathieu van der Poel ndi pafupifupi mphindi zitatu. Van der Poel luso lake pa njinga tonse timalidziwa, koma tsiku limenelo mbali zazitali za njira zinali zoyenda ndi miyendo, ndipo amene ankathamanga mwamphamvu ndi njinga paphewa ndiye anapambana.

Muziyeza chonchi. Liwiro lanu likatsika kufika pa la munthu wothamanga wapansi, tsikani pompo, njinga isanaime. Mukadikira kuti iime yokha, mwataya liwiro lonse, mwendo wina watitimira, ndipo wam'mbuyo wakupitirirani. Ndipo mukatsika musaikankhe, isenzeni. Tayala lililonse likamagudubuzika m'matope omata limakokolola ena n'kukawaunjika pa foloko ndi pa felemu. Kwathu ku Mchinji tinkazidziwa zimenezi tisanamvepo dzina loti cyclocross. M'dzinja ukakankha njinga pa dambo, matope ankadzaza m'madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira, n'kuyamba kutokosa ndi kamtengo. Bambo anga akafika pa dambo ankavula nsapato, kuzimangirira pa kaliyala, njinga paphewa, n'kukaitsitsa pouma ili yoyera. Nzeru yake ndi imeneyo.

Kasenzedwe kake: tsikirani kumanzere, kuti tcheni chikhale kutali ndi thupi. Dzanja lamanja ligwire chitsulo chapansi cha felemu, muikweze chitsulo chapamwamba chikhale paphewa lamanja, ndiye mkono udutse pansi ukagwire handulo ya kumanzere. Choikira botolo la madzi chotsani, chimatchinga mkono. Mapazi muziponya pafupipafupi.

Chinanso ndi kusankha podutsa. Pakati, pamene padutsa aliyense, ndi pamene pali phala. Yang'anani m'mphepete mwa liboni pamene kapinga adakali wobiriwira. Madzi oima musawaope, nthawi zambiri amatsuka matayala, bola munaonapo kale poyeserera kuti pansi pake palibe dzenje. Mukalowa mumlambala wa matayala a anzanu, maso akhale kutsogolo kumene ukuthera, manja osaumitsa, njinga idzatsata yokha.

Akatswiri n'zoona amasintha njinga. Malo osinthira aja, pit, amawadutsa kawiri pa ulendo uliwonse, ndipo tsiku la matope amalandira yotsukidwa nthawi zonse ziwiri. Koma iwo ali ndi amakaniko olipidwa, ndipo akulimbirana masekondi. Inu ndi mphindi 40 zanu mukhoza kumaliza ndi imodzi. Ya feteleza ipite.

Makaniko wa ku Leeds:

Mphwanga, ine ndakhala ndikukonza njinga kuyambira ndili mnyamata ku Kitwe, ndipo nyengo ino Lolemba lililonse ndimalandira zothyoka ngati yanuyo. Poyamba thokozani kuti chathyoka ndi hanger. Kachitsulo kameneko amakapanga kofewa dala, kuti zinthu zikavuta kathyoke ikoko felemu ipulumuke.

Chimene chinachitika ndi ichi. Matope paokha sathyola chinthu, wothyola ndi udzu. Umakulungana pa timagudumu tiwiri tija ta chosinthira magiya, matope n'kuumata, mpaka tcheni kulephera kudutsa. Inu mukaponda, tcheni chimakoka chosinthira chonsecho m'malo modutsamo. Ndiye pa giya yopepuka kwambiri m'pamene chosinthiracho chimakhala pafupi zedi ndi masipoko, kungopindika pang'ono chalowa. Kudumphadumpha kwa tcheni pa ulendo wachiwiri kuja njinga inali ikukuchenjezani. Mukamva zimenezo lekani kuponda, bwezani mapedulo m'mbuyo kawiri katatu. Zikapanda kusintha tsikani, zulani udzuwo ndi zala. Masekondi 15 amenewo ndi otchipa. Tsiku la matope giya yomaliza ija muziipewa. Ngati chitunda chikufuna giya imeneyo, ndiye kuti chikufuna miyendo, monga anenera a ku Gent.

Mugule mahanger awiri, ina izikhala m'chikwama. Felemu iliyonse ili ndi mtundu wake, choncho tengani yothyokayo popita kukagula. Akaika yatsopano aiwongole ndi chida chake, aonenso kasikuluwu koletsa chosinthira kupitirira kulowera ku masipoko.

Tsopano mpweya. 40 psi yachuluka kwambiri. Tayala lolimba chonchi limangoterera pamwamba, ndipo mwina n'chifukwa chake munkafunika mphamvu zambiri pa chitunda chija. Ndi machubu, pa kulemera kwanu, yambirani cha m'ma 30 kumbuyo ndi 28 kutsogolo, ndiye muzitsitsa pang'onopang'ono poyeserera. Mukamva limu ikugunda pa muzu kangapo, mwatsitsa mopitirira, chubu chidzapanika n'kuboola. Opanda machubu amatsika mpaka 22 kapena kucheperapo. Ngati pali ndalama yoti muwononge, iwonongereni pa matayala a matope, a zitupsya zazitali zotalikirana ngati Challenge Limus, chifukwa amataya matope akamazungulira. Malire a mamilimita 33 ndi lamulo la UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse lapansi, koma ngakhale kumene salondola lamulolo musaike otakata, mpata wa pakati pa tayala ndi felemu ndi umene mukuufuna.

Potsuka, payipi ya mphamvu ija musailozetse pa habu kapena pamene pazungulira mapedulo, imachotsa girizi. Ndowa, burashi ndi sopo wa mbale zakwana. Ndipo muone mapadi a mabuleki, matope a mchenga amatha kuwadya tsiku limodzi.

Za kusenza ndivomereze ndithu. Kuno ku Yorkshire kuli mpikisano wa Three Peaks, umene unayamba mu 1961, makilomita 61 kudutsa mapiri a Ingleborough, Whernside ndi Pen-y-ghent kumapeto kwa Seputembala, ndipo pokwera ngakhale opambana amakhala njinga ili paphewa. Tom Pidcock, amene anatenga ukatswiri wa cyclocross wa dziko lonse lapansi mu 2022 ku Fayetteville ku America, ndi mwana wa kuno ku Leeds, anakulira m'matope omwewa.

Mayi wa ku Glasgow:

Achimwene, ine ndimapikisana m'gulu la amayi, ndipo mwana wanga wamkazi nayenso wayamba. Zonse anena abambowa n'zoona, koma pa njinga yachiwiri ndisiyana nawo pang'ono. Siifunika kukhala yatsopano. M'mipikisano yambiri ya m'madera amalola njinga ya m'mapiri. Ine ndimaika yakale ya amuna anga mu pit, yolemera, koma tsiku lina tayala langa litaphwa ndiyo inandifikitsa kumapeto. Funsani okonza mpikisano wanu, kenako funsani mnzanu wa kuntchito uja ngati alibe ina yongokhala m'galaja.

Za zala zija musazitenge mopepuka. Magolovesi amene mwayeserera nawo amanyowa, ndiye muzikhala ndi ena ouma ovala poyamba mpikisano. Jekete muvule mluzu utatsala pang'ono kulira. Mukamaliza musaime n'kumacheza, pitani mukavule zonyowa zonse. Ine ndimatenga madzi ofunda m'chigubu cha malita 5 chokulungidwa m'thaulo, osambira m'manja ndi m'miyendo, ndi tiyi wa shuga wambiri m'fulasiki. Mwanayo mumuveke majombo ndi masokosi awiri, woima pa liboni amazizidwa kuposa wopalasa.

Mpalasi wa ku Bradford:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipepuza mtima. Ya feteleza ndatumiza dzulo. Mahanger ndagula awiri, masipoko akonza, ndipo tayala la matope ndagula lakumbuyo lokha, lakutsogolo lidikira malipiro a mwezi uno. Mayi, mnzanga uja njinga ya m'mapiri ali nayo ndipo wavomera kubwera nayo.

Achimwene a ku Gent, nkhani ya bambo anu pa dambo yandikumbutsa amalume anga a ku Ntchisi, amene ankasenza njinga ndi thumba la mtedza lomwe powoloka khwawa. Lero m'mawa nditaweruka ntchito ya usiku ndinapita m'paki, pa kachitunda konyowa kuseri kwa bwalo la mpira. Ndinayesa kukwera mopalasa kasanu, mothamanga kasanu, mwana akundiwerengera pa foni tisanapite kusukulu. Kuthamanga kunapambana maulendo onse, ndi masekondi anayi kapena asanu. Mpweya ndinaika 30 ndi 28 monga ananenera a makaniko, ndipo pokhota njinga inagwira pansi mosiyana ndi kale.

Chatsala ndi phewa. Fupa la pamwamba pake latupa pamene pakhala chitsulo, ndipo pedulo ya kumanzere ikundibaya kumsana ndikamathamanga. Kodi njinga ndikuikhazika kutsogolo kwambiri, kapena pedulo ndiyenera kuiika penapake ndisanatsike?