Kodi pulesha ya madzi imatsika motani mu sefa ya mchenga?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Ndikupanga sefa ya mchenga wakuya mita imodzi mu mgolo, ndipo ndikufuna kudziwa kuchuluka kwa pulesha imene idzatayike madzi akamadutsa mumchengamo. Pampu yoyamba inapsa chifukwa alamu anga anaiyatsa thanki ili youma, ndipo mpaka lero sanapepese, pomwe wogulitsa akukana kuisintha. Ndikuopa kutayanso ndalama.

Injiniya wopuma: Bambo, za alamu anu tamva, koma simunatchule kukula kwa timchengato ngakhale malita amene mukufuna pa ola, chonsecho yankho lagona pamenepo. Henry Darcy, injiniya wa ku France, anasonyeza mu 1856 kuti madzi akamayenda pang'onopang'ono, pulesha yotayika imakwera molingana ndi liwiro lawo komanso kuya kwa mchenga.

Wokonza mapampu: Masamu alekeni, gulani pampu yamphamvu. Sefa yanga inaunjikana matope pamwamba mpaka madzi anayamba kudontha ngati misozi, ndipo palibe fomula imene inandichenjeza.

Injiniya wopuma: Uphungu wotere ndi umene umawonongetsa anthu ndalama. Pogwiritsa ntchito fomula ya Ergun ya mu 1952, timchenga ta 0.5 mm tokhala ndi mipata yokwana 40 peresenti, madzi akamatsika mamita 5 pa ola, timadya pafupifupi 4.7 kPa (kPa ndi muyezo wa pulesha) pa mita iliyonse, zomwe zikufanana ndi madzi otalika theka la mita. Kukula kwa timchenga kukachepa ndi theka, pulesha yotayika imachuluka kanayi. Pampu yaikulu ikathamangitsa madzi kwambiri, lamulo la Darcy silikwaniranso, chifukwa gawo lachiwiri la fomula ya Ergun limakula ndi liwiro lochulukitsidwa ndi liwiro lomwelo.

Wokonza mapampu: Ziwerengero zanuzo ndi za mchenga wotsuka bwino, a injiniya, osati wa sefa imene yagwira ntchito.

Mayi wophunzitsa sayansi: Nonse muli ndi mfundo. Lumikizani timapaipi tiwiri toonekera mkati, kena pamwamba pa mchenga, kena pansi pake, ndipo kusiyana kwa msinkhu wa madzi kudzakuuzani pulesha yotayika komanso nthawi yotsuka sefayo.

Membala wina: Ine ndikuona kuti ofunika kusefedwa poyamba ndi alamuwo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mchengawo ndi wamumtsinje, ndipo ndi woyera bwino kwambiri.

Injiniya wopuma: Kuyera kwa mchenga sikulowa m'masamuwa, bambo. Yezani timchengato ndi sefa yoyezera, mutiuzenso kukula kwa kamwa la mgolo wanuwo.