Ndimakonza zigayo pa Ngabu, kodi ndingaithe ntchito ya makina a kwale?

Wazigayo:
Moni nonse. Chimalizireni Fomu 4 ndakhala ndikukonza zigayo kuno ku Ngabu, za dizilo ndi za magetsi zomwe. Malamba, ma bearing, masefa ndi nyundo za chigayo ndimasintha, kuwotcherera ndimayesako, koma pepala ndilibe. Masiku ano malole a kwale sakuduka pa M1, ena akupita ku ngalande ya mthirira yochokera ku Kapichira, ena kumisewu yomwe namondwe Freddy anagumula mu 2023. Makina ophwanya miyala imeneyi amawakonza ndani? Ndiyambire pati, ndipo munthu angadyetse banja ndi ntchitoyi?

Fita wa pa Nchalo:
Mwanawe, ukamamva chigayo kuti chadwala usanachitsegule, khutu uli nalo kale, ndipo ntchito yathu imayambira pakhutu. Koma crusher, makina ophwanya miyalawo, usamayiyese chigayo chachikulu. Mwala ukachoka pophulitsa umalowa mu jaw, nsagwada ziwiri za chitsulo cha manganese, ina yoima ina yotafuna. Ukatuluka apo umakwera lamba kupita ku cone, makina achiwiri ouphwanyanso kuti uchepe, kenako pa masefa ogwedezeka amene amapatula miyala ya 19 mm, timiyala ting'onoting'ono ndi fumbi. Sefa ikangobooka, miyala ikuluikulu imalowa mulu wolakwika, injiniya wa msewu nkubweza lole yonse. Amakalipira fita, wokonza makinawo, osati wowayendetsa.

Tsiku lako lidzathera pa girizi, kumanga mabawuti amene kugwedezeka kwamasula, kuwongola lamba wothawira mbali imodzi, ndi kusintha ma roller ouma. Zonyansa, zobwerezabwereza, palibe amakuyamika. Za ulemu zimabwera mwa apo ndi apo: kutembenuza nsagwada zikadyeka mmunsi, kapena dzino la excavator likagwera mu jaw nkuthyola toggle plate. Chitsulo chimenecho anachipanga dala kuti chizithyoka m'malo mwa shaft, ndiye ukadzaona munthu akuchiwotcherera kuti chilimbe, udziwe kuti akukumbira abwana ake dzenje.

Kuno kuchigwa tili ndi mdani wina amene anzathu a ku Blantyre samudziwa bwino. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, oyilo wa cone amatentha, makina nkudzizimitsa okha masana. Anyamata aulesi amalumphitsa waya wa sensa kuti ntchito ipitirire. Iwe udzapemerere cooler, choziziritsira oyilo, ndi mpweya m'mawa uliwonse, fumbi ndi limene limatseka.

Ndipo gula loko wako wekha. Usanalowetse mkono paliponse, zimitsa pa isolator, switchi yodula magetsi a makinawo, khoma, kiyi m'thumba mwako. Lamba akagwira malaya a ovolosi safunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Mayi wa ku Bangula:
Achimwene, zimene anena bambowa nzoona, koma funso lanu la banja alilumpha. Amuna anga anali fita pa crusher ya kontilakita wina wa msewu. Malipiro sanali oipa, koma msewu utatha makina anapasulidwa nkukwezedwa pa lole, anthu anangopatsidwa makalata. Kwale wambiri kuno amatsata pulojekiti, sakhazikika. Chinatipulumutsa nchakuti iwo amadziwanso mapampu ndi ma gearbox, ndiye anapeza ganyu kuminda ya nzimbe. Zigayo zanuzo musazitaye, makasitomala anu muwasunge.

China ndi fumbi. Ankabwera kunyumba ali mbuu mpaka nsidze, atamanga kansalu kukamwa basi. Fumbi la miyala limakhala m'mapapo osatulukamo, limabweretsa silicosis yomwe ilibe mankhwala, ndipo munthu wotere TB imamugwira msanga. Polemba ntchito mufunse ngati amapereka mask yeniyeni ya fyuluta komanso ngati amawaza madzi pa crusher.

Wazigayo:
Zikomo mayi, za mapapozo sindinaziganize nkomwe. Madala a pa Nchalo, nanga za pepala? Popanda satifiketi andilandira?

Fita wa pa Nchalo:
Akulandira ngati wothandizira, wonyamula masipanala, ndipo malipiro ake ndi a wonyamula masipanala ngakhale utamaposa fita. Ulembetse mayeso oyesa luso la ntchito za manja, aja timawadziwa kuti trade test. Ngati MSCE yako ili bwino, uzitchera khutu TEVETA ikalengeza malo, usankhe General Fitting kapena Welding and Fabrication, ku Lilongwe Technical College amaphunzitsa. Pakadali pano phunzira kuwerenga vernier, choyezera kukula kwa zitsulo, ndi kuwotcherera ndodo za hardfacing zolimbitsa pamwamba pa chitsulo, chifukwa ma chute otsetserekamo miyala ndi mano a ndowa ya excavator zimadyeka sabata ndi sabata. Ukapita kukafunsa ntchito usathere pageti kwa alonda, ufunse folomani wa workshop, ndipo upite m'mawa asanayatse makina, akayatsa simumvananso.