Ngati Ayuda ndi anthu akuda ankasalidwa limodzi ku America, n'chifukwa chiyani akuda okha anatsalira m'makomboni?

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Ndimaphunzitsa mbiri pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Ngabu. Sabata yatha ndinkafotokozera ana a Folomu 4 za anyamata atatu amene anaphedwa ku Mississippi pa 21 June 1964 chifukwa chothandiza anthu akuda kulembetsa m'kaundula wa voti. Ndinawauza kuti James Chaney anali wakuda, pamene Andrew Goodman ndi Michael Schwerner anali Ayuda ochokera ku New York, ndipo ndinaonjezera kuti ngakhale mawu akuti ghetto anayambira ku Venice mu 1516, kumene Ayuda ankawatsekera m'dera lawolawo usiku uliwonse. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti: ngati anthuwa ankasalidwa limodzi, n'kumenyeranso ufulu limodzi, zinatheka bwanji kuti lero mawu amenewa akutanthauza dera la anthu akuda osauka, pamene Ayuda anatulukamo kalekale? Ndinamuyankha mwachidule, koma nkhope yake inaonetsa kuti sanakhutire, ndipo kunena zoona nanenso sindinakhutire ndi yankho langalo. Ndikupempha odziwa andithandize.

Mayi wa ku Nchalo

Aphunzitsi, mwana ameneyo wafunsa funso la munthu wamkulu, ndipo yankho lake lili m'zikalata za malo ndi m'mabuku a mabanki, osati m'misewu momwe anthu ankachitiramo zionetsero.

Poyamba tsankho linkalembedwa m'malamulo a mizinda. Baltimore inakhazikitsa lamulo mu 1910 logawa misewu ya azungu ndi ya akuda, koma mu 1917 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Buchanan ndi Warley, linathetsa malamulo amtunduwu. Eni malo sanagonje. Anayamba kulemba mapangano m'zikalata za umwini wa nyumba, onena kuti nyumbayo isadzagulitsidwe kapena kuchititsidwa lendi kwa munthu wakuda, ndipo m'madera ambiri mzere womwewo unkatchulanso Ayuda ndi anthu a ku Asia. Apa ndi pamene mitundu iwiriyi inakumana, chifukwa cholembera chimodzi chinkawatsekera khomo onse awiri. Mlandu wa Shelley ndi Kraemer wa ku St. Louis utafika kukhoti lalikulu, pamodzi ndi unzake wa ku Detroit umene loya wakuda Thurgood Marshall anauimira, mabungwe a Ayuda monga American Jewish Congress, American Jewish Committee ndi Anti-Defamation League anapereka zikalata zawo kumbali ya mabanja akuda. Mu 1948 khoti linagamula kuti palibe khoti limene lingakakamize munthu kutsatira mapangano oterewa. Oweruza atatu mwa asanu ndi anayi anadzipatula pa mlanduwo, ndipo asanu ndi mmodzi otsalawo anagwirizana onse.

Pali kanthu kena pa mlandu umenewu kamene kamandikhudza nthawi zonse ndikakakumbukira. Chikalata cha boma chotsutsa mapanganowo chinalembedwa ndi maloya anayi achiyuda, mmodzi wa iwo Philip Elman, koma maina awo anachotsedwa pa chikalatacho poopa kuti anthu anena kuti ndi nkhani ya Ayuda okhaokha, popeza loya wamkulu wa boma amene anasainira, Philip Perlman, analinso Myuda. Anthu ankamenyera anzawo ufulu wokhala paliponse, iwo eni akubisa maina awo.

Tsono chimene chinawalekanitsa ndi ngongole. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda, n'kupaka madera mitundu inayi: obiriwira, abuluu, achikasu ndi ofiira. Dera lokhala anthu akuda pafupifupi nthawi zonse linkapakidwa kofiira, kutanthauza kuti kubwereketsako ndalama n'kutaya. Madera a Ayuda ndi a alendo ena ochokera ku Ulaya nawonso ankatsitsidwa, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Ayuda anayamba kuwerengedwa ngati azungu pa nkhani ya ngongole za nyumba zimene boma linkaikira kumbuyo kudzera m'bungwe lake la Federal Housing Administration. Myuda ankatha kusintha dzina, kusamukira kumayadi, n'kusowa pakati pa azungu anzake. Munthu wakuda khungu sakanalivula. Ndipo popeza m'dziko limenelo chuma cha banja wamba chimakhala m'nyumba, amene anagula mu 1950 anasiyira ana ake chikole, pamene amene anakanizidwa anasiyira ana ake malisiti a lendi.

Mkulu wa ku Bangula

Mayi afotokoza bwino za mapepala. Ine za ku America sindinazione ndi maso, koma ndinapita ku Joni pa Wenela ndili mnyamata, ndipo komboni ndinagonamo, pa bedi la simenti, chitupa chili m'thumba usana ndi usiku. Akuluakulu amene tinawapeza kumeneko ankatiuza za Sophiatown, kumene munthu wakuda ankaloledwa kukhala ndi poloti yakeyake, mpaka pa 9 February 1955 apolisi anabwera m'mamawa ndi malole n'kuyamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Malowo anawagumula, n'kumangapo nyumba za azungu, n'kuwatcha Triomf.

Chimene ndikufuna kukuchenjezani, aphunzitsi, n'chakuti musawauze ana kuti Ayuda anachita chakuti, ngati kuti anali munthu mmodzi. Amene anampatsa Nelson Mandela ntchito yophunzirira uloya ku Johannesburg, pa nthawi imene azungu ambiri sakanayerekeza, anali Lazar Sidelsky, Myuda. Apolisi atagwira atsogoleri olimbana ndi tsankho pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia mu July 1963, azungu amene anakhudzidwa, monga Denis Goldberg, Lionel Bernstein ndi Arthur Goldreich, anali Ayuda, ndipo Goldberg anakhala m'ndende zaka 22. Helen Suzman, Myuda nayenso, anakhala zaka 13 ali yekha wa chipani chake m'nyumba ya malamulo, akutsutsa malamulo a tsankho. Koma loya wa boma amene anazenga mlandu wa Rivonia, Percy Yutar, analinso Myuda, ndipo Ayuda ambiri a m'mayadi a Johannesburg ankangokhala chete, antchito awo akugona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba. Mtundu umodzi womwewo unatulutsa womangidwa, womanga, ndi woonerera.

Mnyamata wa ku Chikwawa

Ndikugwirizana ndi agogo a ku Bangula, ndipo ndikuona kuti mayi a ku Nchalo, ngakhale anena zoona, aifewetsa pang'ono nkhaniyi pomveka ngati Ayuda anangotengedwa ndi madzi a ndondomeko za boma. Ena mwa iwo anali opalasa bwato.

William Levitt, Myuda, ndi amene anamanga Levittown pafupi ndi New York kuyambira 1947, nyumba zoposa 17,000 zofanana ngati zoumbidwa m'chikombole chimodzi, ndipo anakana kugulitsa ngakhale imodzi kwa munthu wakuda. Chigamulo cha 1948 chitatuluka mawu atsankho anachotsedwa pa mapepala, koma kukanako kunapitirira. Komabe m'mudzi wina wa Levitt yemweyo ku Pennsylvania, banja lakuda la William ndi Daisy Myers litagula nyumba mu 1957, amene anawathandiza kulowa n'kuima nawo pamene chigulu chinkaswa mawindo ndi miyala anali anansi awo achiyuda, Lew ndi Bea Wechsler, ndipo nawonso anawaotchera mtanda pabwalo. Ku New York, katswiri wa masamu Lee Lorch analowetsa banja lakuda m'nyumba yake ku Stuyvesant Town mu 1949, malo amene kampani ya Metropolitan Life inkakaniza akuda, ndipo izi zinamutayitsa ntchito ya uphunzitsi pa yunivesite.

Koma malo amene ndikuganiza kuti angamuyankhe bwino mwana wanu uja ndi North Lawndale ku Chicago. Mpaka cha m'ma 1940 derali linali likulu la Ayuda a mumzindawo, lodzaza ndi masunagoge, koma pofika 1960 linali la anthu akuda pafupifupi lonse. Mabanki sankapereka ngongole kwa akuda, choncho amalonda ena ankagula nyumba motchipa kwa azungu amene ankathawa, n'kuzigulitsa kwa akuda pa mtengo wowirikiza, mwa pangano lakuti wogula azilipira mwezi ndi mwezi koma chikalata cha umwini chikhale m'manja mwa wogulitsa mpaka ndalama yomaliza. Mukaphonya mwezi umodzi, ankakutulutsani, zonse munalipira zija n'kulowa m'madzi, nyumbayo n'kugulitsidwanso kwa wina. Ife kuno timamudziwa bwino katapila. Malume anga anakongola ndalama kwa munthu wina pa msika chaka cha chigumula cha 2015, n'kupereka dimba lawo la m'mphepete mwa Shire ngati chikole, ndipo atachedwa ndi masabata atatu okha anapeza mwini ngongole atabzalamo kale chimanga chake. Kusiyana kwake n'kwakuti katapila wa ku Chicago ankatetezedwa ndi makhoti, ndipo makasitomala ake ankamukankhira ndi boma lomwe.

Ambiri mwa ogulitsa aja anali Ayuda, ndipo amene analimbana nawo kwambiri analinso Ayuda. Loya Mark Satter anaimira mabanja akuda m'makhoti m'zaka za m'ma 1950, ndipo Rabi Robert Marx, amene anayambitsa Jewish Council on Urban Affairs mu 1964, anadzudzula poyera anthu a mpingo wake omwe. Martin Luther King atapita kukamenyera nkhani ya nyumba kumpoto kwa dzikolo mu January 1966, anakachita lendi ku North Lawndale komweko, ndipo mu August chaka chomwecho anagendedwa mwala kumutu ku Marquette Park. Mu 1968 ogula nyumba aja anapanga bungwe la Contract Buyers League n'kusiya kulipira, ndipo ngakhale milandu yawo ikuluikulu inalephera kukhoti, mabanja mazana angapo anatsitsiridwa ngongole. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi pochititsa lendi nyumba linasainidwa pa 11 April 1968, patatha sabata imodzi King ataphedwa. Pa nthawi imeneyo mipanda inali itamangidwa kale, ndipo lamulolo silinabwezere aliyense ndalama za zaka makumi atatu.

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Zikomo kwambiri mayi, agogo ndi achimwene. Dzulo ndinajambula mapu a mitundu inayi aja pa bolodi ndi choko, ndipo ndisanamalize kufotokoza mnyamata wina wochokera ku Makhanga, amene banja lake linasamukira kumtunda pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, anafunsa ngati kwawo nakonso n'kofiira, popeza palibe amene angabwereketse ndalama pa chikole cha nyumba ya kumeneko. Ndinamuuza kuti pali kusiyana, chifukwa Ruo ndi Shire zimasefukiradi ndipo sizifunsa mtundu wa munthu, pamene mzere wofiira wa ku America unkatsata khungu, n'kupanga umphawi umene unkati ukungouyeza. Iye anayankha kuti ngakhale zili choncho, amene ali ndi ndalama anapeza mapoloti abwino kumtunda msanga, ndipo osauka ndi amene abwerera kumadimba. Belu linalira tisanagwirizane. Mayi a ku Nchalo, ngati muli ndi mpata Lachinayi likudzali, ana akufuna kumva kwa inu momwe chikalata cha umwini wa malo chimalembedwera kuno kwathu, ndi amene ali ndi mphamvu yoikamo mawu oletsa.