Ntchito zikubwera koma ndalama sindikuiona: mtengo weniweni wa ntchito imodzi mumauwerengera bwanji?

Funso la mmisiri wowotcherera, Lilongwe

Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa amisiri anzanga komanso kwa inu amene munaphunzira zowerengera ndalama. Ndine wowotcherera zitsulo, ndili ndi shedi ya lendi cha ku Mchesi, ndipo ndimagwira ntchito ndi anyamata atatu. Timapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko, ma burglar bar ndi masitandi a mathanki a madzi. Chaka chino ndi chachisanu ndi chitatu ndili pandekha ndipo ntchito sizisowa, koma mwezi ukatha, ndikalipira anyamata ndi lendi, zotsala sizikwana ngakhale kugula grinder yatsopano, makina odulira ndi kusalaza zitsulo.

Kwa nthawi yaitali ndinkaloza chala kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndinali nditalandira kale dipoziti ya ntchito ziwiri koma ndisanagule zitsulo, ndipo ntchito zonse ziwirizo ndinazimaliza ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Chimene chandidzidzimutsa tsopano n'chakuti ndaluzanso pa ntchito imene mitengo ya zitsulo sinasinthe n'komwe kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, kotero vuto liyenera kuti lili m'kawerengedwe kanga.

Ntchitoyo inali ya nyumba yatsopano ku Area 49: geti yokankha, mawindo 14 ndi zitseko ziwiri. Ndinachita monga ndimachitira masiku onse. Ndinapita ku hadiweya kukafunsa mitengo ya ma square tube, ma flat bar, ma rod ndi penti, ndinaphatikiza, kenaka ndinaonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu kuti likhale la leba, ndipo tinagwirizana K3,200,000. Eni nyumba anapereka theka, koma pa thekalo ndinatapapo K400,000 kuti ndimalizire geti ya munthu wina ku Area 25 amene anali atayamba kundiimbira foni m'mawa ndi madzulo. Titafika pokhoma mafelemu tinapeza kuti mawindo atatu omanga anawasiya ocheperako kusiyana ndi muyeso umene ndinatenga asanapake pulasitala, ndipo tinawabweza kushedi kukadula ndi kuwotchereranso. Mayi a panyumbapo anapempha kuti pageti tiikepo maluwa a chitsulo ndi loko wina wolimba, ine n'kuvomera pakamwa chifukwa ndinachita manyazi kutchula ndalama. Magetsi anathima masiku awiri, ndinabwereka jenereta ndi kugula petulo. Galimoto yonyamula katundu ndinaiwerengera maulendo awiri koma inayenda kanayi. Ntchito ya masiku 12 inatha masiku 21, ndipo anyamata ndinawalipira ndi dipoziti ya kasitomala wotsatira.

Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti ngakhale lero sindingathe kunena kuti ndinaluza ndalama zingati, chifukwa malisiti ena ali m'thumba la ovolosi, ena anatayika, ndipo zina ndinalipira pa Airtel Money ya foni yomweyo imene ndimagulira ndiwo zapakhomo. Kodi inu mumalemba bwanji kuti mudziwe zimene ntchito imodzi yadya? Nanga lendi, magetsi ndi kutha kwa makina mumaziika pati mukamapanga kotesheni, popanda kukweza mtengo mpaka kasitomala n'kuthawira kwa wa shedi yoyandikana nayo?

Yankho la mmisiri womanga nyumba, Blantyre

Achimwene, zimene mwafotokozazi ndinadutsamo zaka zambiri, ndipo chinandithandiza ndi kope la sukulu, osati kompyuta. Ntchito iliyonse ipatseni masamba ake awiri oyang'anizana. Kumanzere lembani zimene munayerekeza popanga kotesheni, chinthu chilichonse pamzere wake. Kumanja lembani zimene zatulukadi, tsiku lomwelo, ngakhale ndalama ya kabaza imene mnyamata wakwera pokagula disiki yodulira. Ntchito ikatha muyerekeze masamba awiriwo, ndipo mukachita zimenezi pa ntchito zisanu mudzaona nokha kuti ndalama imathawira pamalo amodzimodzi nthawi zonse.

Kwa inu owotcherera, ndikukayikira kwambiri zidutswa. Chitsulo chimabwera cha mamita 6. Ngati windo likufuna timizere ta 1.3 mita, pa chitsulo chimodzi mupeza tinayi tokha, ndipo pafupifupi masentimita 80 atsala opanda ntchito. Koma amene amawerengera mamita onse pamodzi n'kugawa ndi 6 amaganiza kuti agula zitsulo zochepa kuposa zimene adzaguledi. Pa mawindo 14 kusiyana kumeneku kumakhala zitsulo zingapo zathunthu. Choncho musanatchule mtengo, lembani ndondomeko ya kadulidwe, chitsulo ndi chitsulo, ndipo muyeso womaliza muzitenga pulasitala atapakidwa. Ngati eni nyumba akufulumira, alembe okha kuti kukonzanso kudzakhala kwa iwo.

Za maluwa a pageti aja, musachite manyazi. Chilichonse chimene chaonjezeredwa ntchito ili mkati chikhale ndi mtengo wake, mutumize pa WhatsApp, ayankhe kuti avomera, kenaka muyatse makina. Kasitomala wabwino sakwiya ndi zimenezi. Amene amakwiya ndi amene akanakuvutani pa malipiro omaliza. Ndipo dipoziti ya ntchito ina isamalowe mu ntchito ina, chifukwa mukatero ntchito yoluza imabisala kumbuyo kwa ntchito yopindula ndipo simudzaizindikira.

Yankho la mayi wowerengera ndalama, Mzuzu

Bambo, ndikuonjezera pa zimene anena a ku Blantyre, chifukwa pali ndalama zina zimene sizioneka pa lisiti ya ku hadiweya koma zimatuluka mwezi uliwonse. Phatikizani lendi ya shedi, mayunitsi a magetsi, mayunitsi a foni, kukonzetsa makina, ndi kandalama kosungira kugula grinder ndi makina owotcherera ena akadzatha. Zonsezo mugawe ndi masiku amene mumagwiradi ntchito yolipidwa pa mwezi, osati masiku 30, chifukwa masiku a maliro, a kuthima kwa magetsi ndi oyenda kukapanga makotesheni salipidwa ndi munthu. Yankho lake ndi mtengo wa tsiku limodzi la shedi yanu, ndipo ntchito ya masiku 12 iyenera kusenza masiku 12 a mtengo umenewo. Apa mpamene mudzaone kuti masiku 9 oonjezera aja anakudyerani zambiri kuposa petulo wa jenereta.

Chachiwiri, leba musamaiwerengere potengera mtengo wa zitsulo, chifukwa geti ya zitsulo zochepa koma yokongoletsa kwambiri imadya masiku ambiri kuposa sitandi ya thanki ya zitsulo zolemera. Werengerani masiku a munthu aliyense, ndipo inunso mudziike pa mndandanda wa olipidwa, pakuti malipiro anu monga mmisiri si phindu la bizinesi ayi. Phindu limabwera pamwamba pa zonsezi, ndipo apanso ambiri amasokoneza: ntchito ikadya K800,000 inu n'kuonjezera 20 peresenti, mtengo ukhala K960,000, ndipo K160,000 yotsalayo ndi pafupifupi 17 peresenti yokha ya ndalama imene mwalandira. Kuti phindu likhaledi 20 peresenti ya mtengo, muyenera kutchula K1,000,000.

Pa kotesheni lembanipo kuti mtengowo ugwira ntchito masiku 7 okha, ndipo dipoziti ikhale yokwanira kugula zitsulo zonse tsiku lomwelo. Mukadzapeza ntchito ku kampani kapena ku bungwe, funsiranitu za msonkho wa withholding tax umene amadula n'kupereka ku MRA, kuti musadzadabwe ndalama ikabwera yoperewera, ndipo muzitenga chikalata chake. Pomaliza, gulani simu ina kuti Airtel Money kapena Mpamba ya bizinesi isiyane ndi ya pakhomo.

Mwini funso wabweranso

Zikomo kwambiri abambo a ku Blantyre ndi amayi a ku Mzuzu. Usiku wathawu ndinakhala pansi ndi mkazi wanga, tinatola malisiti amene anapezeka ndi mauthenga a pa foni, ndipo pa zimene takwanitsa kupeza zokha, ntchito ya ku Area 49 inadya K3,050,000 ndisanadzilipire ine mwini ngakhale tsiku limodzi, komanso lendi isanalowemo. Zitsulo ndinagula zisanu ndi ziwiri kuposa zimene ndinawerengera, monga momwe mwanenera za zidutswa, ndipo zidutswazo zili mulu kuseri kwa shedi.

Chatsala chondivuta ndi chimodzi. Loweruka likubwerali ndikukapereka kotesheni ya mpanda wa zitsulo ku Area 47, ndipo ndikawerengera mwa njira yatsopanoyi mtengo ukukwera kwambiri kuposa umene ndikanatchula kale. Eni ake andiuza kale kuti afunsanso amisiri ena awiri. Kodi ndiwaonetse kotesheni yolembedwa mzere ndi mzere, kuphatikizapo masiku a anyamata ndi mtengo wa shedi, kapena ndingowapatsa zitsulo pamzere umodzi ndi leba pamzere wina? Amene munayesapo njira zonse ziwiri, ndithandizeni lisanafike Lachisanu madzulo.