Amuna atatu a dzina limodzi m'kaundula wa ku Perthshire

Wofufuza wa ku Blantyre:
Akuluakulu anzanga pantchito, ndapatsidwa ntchito ndi banja lina la ku Mulanje yofufuza komwe anachokera agogo a agogo awo, mzungu wa ku Scotland amene anabwera kudzalima khofi cha m'ma 1890. Mwala wa pamanda pake uli ndi dzina, zaka zake ndi mawu akuti Perthshire basi, lomwe ndi dera la ku Scotland. Pa ScotlandsPeople, tsamba la pa intaneti la makaundula a ku Scotland, ndapeza amuna atatu a dzina lomwelo obadwa m'zaka zoyandikana, ndipo sindikufuna kuwononga ndalama za eni ntchito potsegula zikalata mongoganizira. Ndiyambire pati?

Mayi wofufuza wa ku Edinburgh:
Bambo, yambirani pa kalembera wa 1891 ndi wa 1901. Mwa atatuwo, amene akupezekabe ku Scotland mu 1901 mungamuike pambali, ndipo amene wasowa, koma osapezeka m'kaundula wa imfa, ndiye woyenera kumutsata. Samalaninso kalembedwe ka dzina, chifukwa alembi ankasinthasintha Mac ndi Mc ngakhale m'banja limodzi.

Wofufuza wa ku Zomba:
Ndikuvomereza zimene anena mayiwo, koma ndikuchenjezeni kuti kuno ku National Archives musayembekezere zambiri za nthawi imeneyo, popeza moto wa 1919 unatentha mapepala ambiri a boma. Onani ndandanda za okwera sitima zapamadzi ochoka ku Britain, zimene zinayamba kusungidwa mu 1890 ndipo zili pa tsamba la pa intaneti la Findmypast. Musafunefune dzina la Blantyre pamenepo ayi, chifukwa ndandandazo zimalemba doko lotsikira, ndipo obwera kuno ambiri ankatsikira ku Chinde, doko la ku Mozambique, n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi Shire.

Mayi wofufuza wa ku Edinburgh:
Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri amachiiwala. Munthu wa ku Scotland akafera kunja atasiya chuma kwawo, nkhani ya chumacho inkalembedwa ku khoti la ku Edinburgh, ndipo chikalatacho nthawi zambiri chimatchula malo amene anafera ndi wachibale amene anayang'anira chumacho. Mukapeza mchemwali wake, tsegulani chikalata cha imfa ya mchemwaliyo, chifukwa kuyambira 1855 zikalata zotere zimatchula makolo onse awiri, pamodzi ndi dzina la mayi asanakwatiwe.

Wofufuza wa ku Blantyre:
Zikomo kwambiri, Mayi ndi Bambo. Awiri mwa amunawo akupezeka mu 1901, mmodzi akupala matabwa, wina akugwira ntchito pafamu. Wachitatu wasowa, ndipo chikalata cha chuma chake chikunena kuti anafera ku British Central Africa, dzina la dziko lino panthawiyo, n'kutchula mchemwali wake wokwatiwa ku Crieff, tauni ya ku Perthshire. Chandisangalatsa n'chakuti dzina la bambo wa mzunguyo ndi lomwe mzunguyo anapatsa mwana wake woyamba wa kuno, monga mwa mwambo wa ku Scotland. Ndandanda ya sitima ndiyang'ana mawa, ndisanalembere banjalo.