Kwatsala masabata atatu, mnyamata ali pa makilo 86.4 ndipo squat ikuthera m'mwamba

Kochi83: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kwatsala masabata atatu tikwere pa platform ku mpikisano wa powerlifting, wonyamula zitsulo m'njira zitatu: squat (kunjuta chitsulo chili kumsana n'kuimirira), bench (kukankha chitsulo uli chagada) ndi deadlift (kudzutsa chitsulo pansi). Malamulo ndi a IPF, bungwe la padziko lonse la masewerawa, raw, kutanthauza popanda zovala zothandiza kunyamula. Mnyamata wanga ndinamulembetsa mu class ya anthu osapitirira makilo 83 koma lero m'mawa sikelo yawerenga 86.4. Vuto lina ndi squat. Mpaka makilo 190 akutsika bwinobwino, tikangoika 200 chiuno chikuimira pamwamba pa bondo, vidiyo ndaionera kanayi. Ndimafuna opener, kunyamula koyamba mwa maulendo atatu, ikhale ya 200. Ndi mpikisano wake woyamba. Water cut (kuchotsa madzi m'thupi kuti apepuke pa sikelo) ndiyambe liti, nanga depth (kutsika mokwanira pa squat) ingakonzeke m'masiku atsalawa? Zoti ndikanayamba kale ndikuzidziwa, musandikumbutse.

MkuluWazitsulo: Mulowetseni mu class ya makilo 93 basi. Mpikisano woyamba munthu sadula thupi.

MayiReferee: aKochi, yambani ndi squat chifukwa ndi imene ingakuphereni tsiku lonse. Ife tikakhala pa mpando wa m'mbali timayang'ana chinthu chimodzi: pamwamba pa ntchafu, pomwe yalumikizana ndi chiuno, pakhale pansi pa nsonga ya bondo. Kungolingana ndi bondo sikukwana. Oweruza tilipo atatu, magetsi ofiira awiri ndiye kuti walephera. Ndipo kumbukirani kuti mukalephera opener simuloledwa kutsitsa, mumabwereza yomweyo kapena kukweza. Mukatsegula ndi 200 imene ku gym komwe sakufika nayo pansi, ayesa katatu pa 200, total (kuphatikiza kwa zimene wanyamula bwino pa squat, bench ndi deadlift) palibe. Tsegulani ndi 180 kapena 182.5, chinthu choti angachinyamule katatu ngakhale atadzuka wofooka. Vidiyo muzijambula cham'mbali, kamera ikhale yolingana ndi chiuno, osati kutsogolo.

Kochi83: Amayi ndamva, koma 180 ndi yochepa, mwanayu ali ndi mphamvu ndithu. Ndipo akulu, mu 93 akakumana ndi anthu omuposa ndi makilo asanu ndi limodzi, akakhala wotsiriza, agwa ulesi.

MkuluWazitsulo: Akakhale wotsiriza koma ali ndi total. Weigh-in ya IPF, kuyeza thupi pa sikelo, imayamba maola awiri mpikisano usanayambe, si ya maola 24 imene mabungwe ena amachita. Madzi amenewo abwerera nthawi yanji m'thupi? 93.

Sumo_Deadlift: Mwandikumbutsa zanga. Mpikisano wanga woyamba ndinadula makilo anayi ndi madzi, sikelo ndinadutsa, ndinasangalala. Squat zinayenda. Pofika deadlift yachiwiri, bar ili pa bondo, msempha wa kuseri kwa ntchafu unakokana, zala zinapindika zokha osatambasuka. Ndinakhala pansi kuseri kwa platform mnzanga akundisisita, dzina langa likuitanidwa, mphindi imodzi ija inatha ndikuyang'ana. Yachitatu sindinayese n'komwe. Kunyumba ndinafika mutu ukuwawa ngati wandimenya munthu, mpaka mawa lake.

Benchi_Yokha: Ine zinandivuta ndi ma command, osati thupi. Ku gym tinazolowera kugunda pachifuwa n'kukankha. Tsikulo yoyamba ndinakankha asananene "Press", wofiira. Yachiwiri ndinadikira bwino koma ndinabweza bar asananene "Rack". Yachitatu mantha okhaokha. Achimwene, kuyambira lero set iliyonse yolemera muzimuitanira mawu: Squat, Rack, Start, Press, Rack, Down. Mutalikitse pause kuposa mmene mukuganizira. Onaninso zigongono, kuyambira 2023 pa bench akufuna zitsike mpaka kulingana ndi phewa kapena kupitirira, anthu a arch yaikulu, opinda msana kwambiri, akugwa nazo.

Kochi83: Ma command tikuchita kale. Funso langa la madzi palibe wandiyankha.

Nesi_Wonyamula: Ndiyankha, koma mosakondwa. 3.4 pa 86.4 ndi pafupifupi 4 peresenti ya thupi lake. Kwa munthu wozolowera zimatheka, kwa watsopano wa weigh-in ya maola awiri ndikukana. Ngati mukulimbikirabe, kilo imodzi kapena iwiri ichoke pang'onopang'ono m'masabata awiri oyambawa pochepetsa chakudya pang'ono, mukumuyeza m'mawa uliwonse atakodza, asanadye, pa sikelo imodzimodzi. Sabata yomaliza akakhala akadali pamwamba pa 85, siyani. Sauna ayi, kuthamanga atavala mapulasitiki ayi. Mapiritsi okodzetsa musayerekeze: ali pa mndandanda wa zoletsedwa wa WADA, bungwe loona za mankhwala oletsedwa m'masewera, ndiponso amasokoneza mchere wa m'magazi, mtima umatha kugunda molakwika. Sikelo yanuyo munaiyerekezako ndi ina? Zambiri za ku gym zimanama.

MkuluWazitsulo: Mwamva a Nesi? Zonsezi n'zovutikiranji? Thupi likamachepa lamba amakhwepa, pansi pa squat munthu amamva ngati alibe pogwira, depth imene mukuilirayo iipiraipira. Ndaziona zaka zambiri. 93.

Sumo_Deadlift: Akulu, nanunso kusintha class si kungonena pakamwa. Mipikisano ina amatseka mayina masabata angapo tsiku lisanafike. aKochi funsani okonza lero lomwe ngati akulolabe, mungapezeke mnyamata walephera sikelo ndipo kwina kolowa kulibe.

MayiReferee: Pa depth, masabata atatu simumanga chatsopano. Bwererani pa 170 mpaka 180, ma single ndi ma double oima kamphindi pansi, thupi lizolowere malowo. Deadlift yolemera yomaliza ichitike kutatsala masiku 10 kapena 14, squat kutatsala sabata ndi masiku pang'ono, bench ikhoza kuyandikira. Musamuyese max sabata yomaliza pofuna kudzilimbitsa mtima inuyo. Akayenda bwino pa 182.5, yachiwiri muika 192.5, ndiye 200 ikhale yachitatu.

Benchi_Yokha: Zida mwaona? Lamba asapitirire 10 cm m'lifupi ndi 13 mm kunenepa. Masokosi aatali ophimba msongolo pa deadlift, anthu amaiwala n'kumabwereka thukuta la anzawo. Ndinaona wina atabwezedwa pa kit check chifukwa cha kabudula wamkati wa miyendo yaitali.

Sumo_Deadlift: Za lamba, pali amene akugwiritsa wa lever? Wanga sikuluwu imamasuka ndikamapuma mwamphamvu pansi pa squat, ndamanga kawiri sabata ino.

Benchi_Yokha: Yendani ndi sikuludiraiva m'chikwama, ine ndimatero. Kapena gulani wa prong.

MkuluWazitsulo: aKochi, okonza aja mwawafunsa za 93?